Tikiti ya mapaundi 148 inafika bwanji pa 355? Mmene bizinesi ya maphwando a maimbidwe imayendera

Loweruka pa 31 Ogasiti 2024, anthu miyandamiyanda ku Britain ndi ku Ireland analawirira kukhala pamzere. Mzere wake unali wa pa intaneti: munthu ali pa foni kapena pa kompyuta, maso ali pa nambala yomuuza kuti patsogolo pake pali anthu angati. Ankafuna matikiti a gulu la Oasis, la abale awiri Liam ndi Noel Gallagher, omwe anasiyana pa mkangano mu 2009 ndipo tsopano anali atagwirizananso. Ena anadikira maola ambiri. Atafika kutsogolo anapeza kuti tikiti yoimirira, imene ankaidziwa kuti ndi ya mapaundi pafupifupi 148, ili pa mapaundi 355, ndipo anapatsidwa mphindi zochepa zoti agule kapena atuluke.

Mkwiyo unali waukulu moti pasanathe sabata, bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Britain, la CMA, linayamba kufufuza Ticketmaster, kampani imene inagulitsa matikitiwo. Koma mkwiyowo unasokoneza zinthu zingapo zosiyana n'kuziika m'dengu limodzi: mtengo wa tikiti, ndalama zoonjezera, mavenda ogulitsanso matikiti, ndi kukula kwa kampani imodzi. Tiyeni tizitulutse chimodzichimodzi.

Ndalama zinasamuka pa chimbale kupita pa nsanja

Mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, woimba wotchuka ku America kapena ku Ulaya ankadya za chimbale. Kuyenda m'mizinda kukaimba kunali kuitanira malonda: anthu akumve usiku, mawa akagule CD. Choncho panalibe chifukwa chokwezera tikiti kwambiri, poti munthu wobwezedwa pageti ndi kasitomala wa chimbale amene wataika.

Mu 1999 kunabwera Napster, pulogalamu imene inkalola anthu kugawana nyimbo pa intaneti ulele. Malonda a nyimbo zojambulidwa ku America, omwe chaka chimenecho anali madola 14.6 biliyoni, anatsika mpaka pafupifupi theka pofika 2014. Spotify, pulogalamu yomvera nyimbo pa intaneti yomwe inayamba ku Sweden mu 2008, ndi anzake anabwezeretsa ndalama m'bizinesiyi, koma munthu akamvera nyimbo kamodzi, imene imalowa ndi kachigawo kakang'ono ka senti imodzi, ndipo kachigawoko akagawanenso a kampani yojambula, olemba nyimbo ndi woimba. Woimba wa ku Britain David Bowie anaziona msanga. Mu 2002 anauza nyuzipepala ya New York Times kuti nyimbo zidzakhala ngati madzi a pampopi kapena magetsi, ndipo oimba akonzekere kuyenda kwambiri kukaimba pamaso pa anthu.

Amene anakula m'nthawi ya makaseti ku Malawi safunika kuwafotokozera zambiri. Woimba ankapita ndi nyimbo zake kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti n'kumwazika dziko lonse. Kenako kunabwera anyamata a makompyuta m'misika, oika nyimbo mazana m'memori khadi pa mtengo wa mandasi angapo, ndipo woimba anatsala ndi shoo. Zimene zinachitika ku America n'zomwezo, kungoti ndalama zake n'zochuluka. Mu 2007 Madonna anachoka ku kampani yojambula nyimbo ya Warner n'kusaina mgwirizano wa zaka 10, wa madola pafupifupi 120 miliyoni, ndi Live Nation, kampani yokonza maphwando. Chizindikiro chinali choonekeratu kuti mphika waukulu tsopano uli kuti.

Amadya pa tikiti imodzi ndi ndani?

Pamwamba pali woimba, ndi manijala wake komanso ejenti amene amamupezera malo okaimba. Awiriwa amadula gawo lawo pa ndalama za woimbayo. Kenako pali pulomota, wokonza phwando. Iyeyu ndi amene amaika khosi pampeni: amalonjeza woimba ndalama yakutiyakuti, kaya anthu abwere kaya asabwere, amachita lendi holo kapena bwalo, amalipira alonda, zokuzira mawu, magetsi ndi kulengeza. Ali ngati dalaivala wa minibasi amene bwana wamuikira ndalama ya tsiku: kaya kwagwa mvula, kaya okwera kulibe, madzulo apereke. Ndipo ngati holo yadzaza, woimba wamkulu kawirikawiri amatenga 85 pa 100 iliyonse ya zotsala, kapena kuposa apo. Pulomota amatsala ndi kochepa.

Ndiye amapezera pati phindu? Pa zinthu zozungulira shoo: mowa ndi zakudya, malo oimika galimoto, gawo la ndalama za malaya ndi zipewa zogulitsidwa pakhomo, makampani oika dzina lawo pa holo, ndi ndalama zoonjezera pa tikiti.

Ndalama zoonjezerazi, zimene amazitcha service fee, ndi zomwe zimawawa anthu kwambiri. Ofesi ya boma la America yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama, ya GAO, inapeza mu 2018 kuti pa matikiti amene inawaunika, zoonjezerazo zinkafika pafupifupi 27 pa 100 iliyonse ya mtengo wa tikiti. Ambiri amaganiza kuti zonse zimalowa m'thumba la Ticketmaster. Mbiri yake ndi yokhotakhota kuposa apo. Ticketmaster inayamba mu 1976 ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona, ngati kampani yaing'ono ya makompyuta osindikiza matikiti. Fred Rosen atakhala mkulu wake mu 1982 anatembenuza malonda. M'malo moti eni holo azilipira kampaniyo chifukwa chowagulitsira matikiti, kampaniyo inayamba kulipira eni holo: tipatseni ufulu woti tizigulitsa tokha matikiti anu onse, tikweze ndalama yoonjezera, tigawane. Eni maholo anavomera mothamanga, ndipo pofika 1991 mpikisano wake wamkulu, Ticketron, unali utamezedwa.

Ndiye kuti gawo la ndalama yoonjezera limabwerera kwa mwini holo, nthawi zina kwa pulomota. Dzina lolembedwa pa lisiti ndi la Ticketmaster, ndipo mitukwano imapita komweko. Ineyo ndimaona kuti kulandira mitukwano m'malo mwa ena ndi mbali imodzi ya ntchito imene kampaniyi imagulitsa, ngakhale silembedwa pa chikwangwani.

Woimba akalimba mtima zinthu zimasintha pang'ono. Mu Malichi 2023, Robert Smith wa gulu la The Cure anaika matikiti ena a ku America pa madola 20 okha, koma otsatira ake anayamba kuonetsa malisiti omwe zoonjezera zinaposa mtengo wa tikiti yeniyeniyo. Smith anadandaula poyera, ndipo Ticketmaster inabweza madola 10 pa matikiti otsika mtengo kwambiri ndi madola 5 pa enawo.

Kampani imodzi, zipewa zambiri

Mawu amene amamveka kwambiri pa nkhaniyi ndi monopoly, kutanthauza kuti wamalonda mmodzi wagwira msika moti ogula ndi ogulitsa anzake alibe kothawira. Malamulo a ku America saletsa kukula. Amaletsa kugwiritsa ntchito kukulako potsekereza ena.

Kale mzinda uliwonse waukulu ku America unali ndi pulomota wakewake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Robert Sillerman anayamba kuwagula mmodzimmodzi kudzera mu kampani yake ya SFX. Mu 2000 anaigulitsa kwa Clear Channel, kampani ya mawailesi, yomwe mu 2005 inapatula nthambiyo n'kukhala Live Nation. Mu Januwale 2010, Live Nation ndi Ticketmaster zinaphatikizana. Boma linalola, koma linaika malamulo, limodzi mwa iwo loti kampaniyo isamaopseze eni maholo kuti iwamana oimba akasankha wina wogulitsa matikiti. Kumapeto kwa 2019 boma linati lamulolo lakhala likuswedwa, ndipo linaonjezera nthawi ya malamulowo mpaka 2025.

Taganizirani mudzi umene munthu mmodzi ali ndi chigayo, lole yonyamula chimanga, sikelo ya pamsika, komanso ndi amene amalankhulira alimi akuluakulu. Angathe kutsitsa mtengo wa lole mpaka ena onse a malole agwe, iye n'kumabweza ndalamazo pa chigayo. Awa ndiwo mafupa a dandaulo limene unduna wa zachilungamo ku America unapereka kukhoti la ku New York pa 23 Meyi 2024, pamodzi ndi zigawo 29 ndi District of Columbia. Boma linati Live Nation imakonza pafupifupi 60 pa 100 ya maphwando a m'malo akuluakulu, Ticketmaster imagulitsa pafupifupi 80 pa 100 ya matikiti a m'malo amenewo, ndipo kampaniyo ili ndi ulamuliro pa malo oimbira oposa 265 ku North America komanso imayang'anira oimba oposa 400. Merrick Garland, yemwe anali loya wamkulu wa boma, ananena kuti nthawi yakwana yoti kampaniyo igawidwe.

Live Nation inakana. Yankho lake linali loti mtengo wa tikiti amaika ndi oimba ndi anthu awo, kuti gawo lalikulu la zoonjezera limapita kwa eni malo, kuti phindu lake lenileni ndi lochepa poyerekeza ndi ndalama zimene zimadutsa m'manja mwake, ndipo kuti matikiti akukwera chifukwa chokwera mtengo kwa zipangizo ndi kuchuluka kwa ofuna kuonera. Ndalama zodutsazo n'zambiri ndithu: madola 22.7 biliyoni mu 2023, chaka chimene anthu oposa 145 miliyoni anapita ku maphwando ake.

Dandauloli si lachilendo. Gulu la Pearl Jam linakadandaula za Ticketmaster ku unduna womwewo mu 1994, awiri a gululo n'kukalankhula ku nyumba ya malamulo. Chaka chotsatira kafukufuku anatsekedwa popanda mlandu. Ndipo nkhaniyi sikuti ili kutali kwenikweni ndi kuno: mu 2016 Live Nation inagula gawo lalikulu la Big Concerts ya ku South Africa, choncho abale athu a ku Johannesburg ndi Cape Town akamapita kukaonera woimba wamkulu wochokera kunja, nthawi zambiri amakhala akudutsa pa geti la banja lomweli.

Mtengo wosinthasintha, mitengo iwiri, ndi mavenda

Apa ndi pamene pali phata la nkhani, ndipo ndi bwino kuyamba ndi samu yosavuta. Tiyerekeze kuti bwalo lili ndi malo 80,000, ofuna kulowa ndi 800,000, tikiti yaikidwa pa 150, koma pali anthu okwanira kudzaza bwalolo amene angalolere kulipira 400. Pakati pa 150 ndi 400 pali 250 pa tikiti iliyonse. Ndalama imeneyi siisowa mwini. Ikhoza kutsala m'thumba la wokonda nyimbo amene wachita mwayi kugula pa 150. Ikhoza kupita kwa venda amene wagula pa 150 n'kugulitsa pa 400. Kapena woimba ndi pulomota akhoza kuitenga okha pokweza mtengo. Mikangano yonse ya matikiti imazungulira pa 250 ameneyu.

Dynamic pricing ndi njira imene mtengo umakwera kapena kutsika malinga ndi kuchuluka kwa ofuna kugula panthawiyo. Makampani a ndege ndi mahotela akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Kuno timaidziwa bwino osaitchula dzina: minibasi ya 5 koloko madzulo mvula ikugwa si mtengo umodzi ndi ya 11 koloko m'mawa, pamene kondakitala amachita kukunyengerera. Pa maphwando, njirayi inatchuka moipa mu 2022, matikiti ena a Bruce Springsteen ku America atafika pa madola oposa 4,000. Oikira kumbuyo njirayi amati ndi bwino ndalamayo ipite kwa amene akutuluka thukuta pa nsanja kusiyana ndi kwa venda. Otsutsa amati shoo si mpando wa ndege: ndege ikadula umakwera ina, koma Springsteen ndi mmodzi, ndipo munthu amene wamutsatira zaka 40 sayenera kupikisana ndi olemera pa okushoni.

Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani ya Oasis, CMA inati sinapeze umboni woti kompyuta inkakweza mitengo payokha malinga ndi kutalika kwa mzere. Chimene inapeza n'chakuti matikiti oimirira anali m'magulu awiri a mitengo yoikidwa kale. Otsika mtengo anayamba kugulitsidwa, atatha panatulutsidwa odulawo, ogula osauzidwa. Zili ngati mayi wa tomato amene ali ndi madengu awiri a tomato wofanana, lachiwiri walibisa pansi pa benchi, ndipo mtengo wake akuuza utaima kale pamzere maola atatu. Bungweli linadandaulanso ndi matikiti otchedwa platinum, omwe ankafika kuwirikiza kawiri ndi theka mtengo wamba popanda choonjezera chilichonse. Mu Sepitembala 2025 Ticketmaster inalonjeza kuti iziuza ogula maola 24 malonda asanayambe ngati pali mitengo yosiyanasiyana yotere. A Oasis anati sankadziwa kuti mitengo idzasintha choncho, ndipo pa maphwando awo a ku North America anaisiya njirayo.

Mavenda a matikiti, amene Angelezi amawatcha touts ndipo Amereka amati scalpers, ndi akale ngati mageti enieniwo. Aliyense amene anaonapo mafuta a galimoto atasowa pa filing'i siteshoni koma ali mbwee m'zigubu kuseri kwa msewu akudziwa mmene zimayendera: mtengo wovomerezeka ukakhala pansi pa umene anthu angalipire, pamabadwa msika wachiwiri. Intaneti inaukulitsa msikawo. Pa makampani ogulitsiranso matikiti pa intaneti, StubHub inayamba mu 2000, Viagogo mu 2006, ndipo mu 2020 Viagogo inagula StubHub pa madola pafupifupi 4 biliyoni. Venda wamakono saima pageti atavala jekete la matumba ambiri. Ali ndi mapulogalamu otchedwa bots, omwe amalowa pamzere ngati anthu mazana ndi kugula mofulumira kuposa chala cha munthu. America inaletsa ma bots oterewa ndi lamulo la 2016, koma milandu yozengedwa pa lamulolo yakhala yowerengeka. Ireland inasankha njira ina mu 2021, yoletsa kugulitsanso tikiti ya malo akuluakulu pa mtengo woposa woyamba, ndipo mu Novembala 2025 boma la Britain linalengeza kuti likufuna kuchita chimodzimodzi.

Chimene chimasokoneza nkhani n'chakuti ku America Ticketmaster ilinso ndi msika wake wogulitsiranso matikiti, pomwe imadula ndalama kachiwiri pa tikiti yomweyo. Bungwe loteteza ogula la FTC linaitengera kukhoti pa za msika umenewu mu Sepitembala 2025. Kampaniyo imati imaononga ndalama zambiri kulimbana ndi ma bots.

Kutsatsa: malonda amayamba tikiti isanatuluke

Kale kutsatsa shoo kunali chikwangwani, wailesi ndi nyuzipepala. Kwa oimba akuluakulu lero, kutsatsa kwenikweni ndi mzere womwewo. Presale ndi kugulitsa gawo la matikiti kwa anthu osankhidwa tsiku la aliyense lisanafike: amene analembetsa, amene ali ndi khadi la banki yakutiyakuti, kapena makasitomala a kampani ya mafoni, monga zimachitikira ndi O2 ku Britain. Banki kapena kampani ya mafoniyo imalipira kuti ipatsidwe mwayi umenewu, ndipo ku Live Nation nthambi ya mapangano otere ndi imodzi mwa zonona kwambiri. Kulembetsako kumathandizanso pena: pulomota amadziwa anthu angati akufuna, ali mzinda uti, ndiye amadziwa koonjezera masiku ndi mtengo woika.

Pa 15 Novembala 2022, presale ya Eras Tour, ulendo wa maphwando wa woimba Taylor Swift, inaonetsa malire a njirayi. Anthu 3.5 miliyoni anali atalembetsa. Makina a Ticketmaster analemedwa, anthu n'kumaponyedwa kunja kwa mzere, komabe matikiti oposa 2 miliyoni anagulitsidwa tsiku limodzi, ndipo malonda a anthu wamba anathetsedwa. Mu Januwale 2023 aphungu a Senate, nyumba ya malamulo ya ku America, anaitanitsa mkulu wina wa Live Nation kuti adzayankhe. Ulendowo unatha mu Disembala 2024 utachita maphwando 149 ndi kupeza madola oposa 2 biliyoni, ulendo woyamba kufika pamenepo.

Nawo maboma analowa m'malondawa. Mu Malichi 2024 Swift anaimba masiku 6 ku Singapore osapita dziko lina lililonse la kummwera chakummawa kwa Asia. Nduna yaikulu ya Singapore panthawiyo, Lee Hsien Loong, inavomera kuti boma linapereka ndalama kuti zikhale choncho, pofuna alendo odzagona m'mahotela ndi kudya m'malesitilanti. Ena ku Thailand ndi ku Philippines sanakondwe nazo.

Koma njala yopangira dala imagwira ntchito pokhapokha ofuna ali ambiri. Mu 2024 gulu la The Black Keys linathetsa ulendo wake wa m'maholo akuluakulu ku North America, pakati pa malipoti oti matikiti sankayenda.

Pansi pa mtengo waukulu

Manambala a mabiliyoni amabisa zimene zikuchitika kumunsi. Bungwe loteteza malo ang'onoang'ono oimbira la Music Venue Trust linati mu 2023 malo ang'onoang'ono oimbira 125 ku Britain anatsekedwa kapena anasiya kuchititsa maimbidwe, chifukwa cha lendi, magetsi ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Mu 2022 woimba wa ku Britain Little Simz, chaka chimene analandira mphoto ya nyimbo ya Mercury, anaimitsa ulendo wa ku America ponena kuti ukanamusiya ndi ngongole yaikulu. Malo ang'onowa ndiwo nazale: Oasis yomweyo inapezedwa ndi Alan McGee, mkulu wa kampani yojambula nyimbo, mu 1993 ikuimba m'kalabu yaing'ono ya King Tut's Wah Wah Hut ku Glasgow. France imadula msonkho wa 3.5 pa 100 pa matikiti n'kuuzungulitsa m'bizinesi ya nyimbo. Ku Britain akuyesa yodzipereka, ya paundi imodzi pa tikiti ya m'bwalo lalikulu, ndipo gulu la Coldplay linalonjeza kupereka ku Music Venue Trust 10 pa 100 ya zopeza zake pa maphwando a 2025 ku Wembley ndi ku Hull.

Zimene sizinayankhidwe

Live Nation ndi Ticketmaster zitalekanitsidwa, kodi tikiti ingatsike? Amene akufuna kugawako amati makampani ogulitsa matikiti akapikisana, zoonjezera zidzatsika ndipo makina adzakhala abwino. Okayikira amati mwini holo adzasankhabe amene akumupatsa gawo lalikulu, ndipo bwalo la anthu 80,000 silikula chifukwa khoti lagamula.

Kuonetsa mtengo wonse poyamba, kumene lamulo la FTC linayamba kukakamiza mu Meyi 2025, kumachotsa kudzidzimuka kwa pamapeto. Koma kodi kumachepetsa ndalama yolipira, kapena kumangoisonkhanitsa pamalo amodzi?

Kuletsa mavenda kukweza mtengo nako kuli ndi mbali ziwiri. Ena amati kumabweza matikiti kwa okonda nyimbo enieni. Ena amati malondawo amangosamukira ku Facebook ndi ku WhatsApp, kumene wogula tikiti yabodza alibe kokadandaula. Ndipo venda akachotsedwa, 250 uja atsala kwa wogula, kapena woimba adzangomuika pa mtengo woyamba?

Palinso funso la oimba eni ake. Robert Smith anaonetsa kuti woimba angathe kukana mitengo yosinthasintha. Ndi angati amene angakwanitse kutero pamene chimbale sichikuwadyetsanso, ndipo pa amene angakwanitse, ndi angati akufunadi? Nanga paundi imodzi yothandiza malo ang'onoang'ono ikakhala lamulo, ichoke m'thumba la woimba, la pulomota, la mwini bwalo, kapena iwonjezedwe pa lisiti la munthu yemwe uja amene wadikira pamzere kuyambira m'mamawa?